Zala Zanga Ziwiri ndi Mafuta a Bwana Fomula

Ana anga, Chisomo ndi Tiyamike, kuyambira muli ang'onoang'ono mwakhala mukundifunsa chimene chinadetsa zala zanga ziwiri za kudzanja lamanja. Ndinakuuzani kuti ndinapsa ndi sitovu ya palafini. Linali bodza. Kwathu kunalibe sitovu, tinkaphikira pa mbaula. Tsopano popeza ndapuma ntchito ndipo mawondo sakundilolanso kuyendayenda, ndati ndilembe zoona, kuti ndikadzafa musadzapitirize kunamizira sitovu yosalakwa. Za ubwana wanga sindilemba. Dziwani chabe kuti agogo anu aamuna anachokera ku Nsanje kudzagwira ntchito ya ulonda, tinkakhala ku Ndirande, ndipo ine ndinasiya sukulu ndili Fomu 2 chifukwa fizi inkakwanira mwana mmodzi basi, ndiye anasankha mwamuna. Mwamunayo ndi malume anu aja. Mayeso analephera kawiri. Musawauze kuti ndalemba zimenezi, koma akawerenga okha ndilibe nazo kanthu.

1992: Ku Makata

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi, m'kafakitale kena ku Makata, kuseri kwa malo omatira matayala. Ndikuti fakitale pofuna kukalemekeza. Chinali chishedi cha malata, migolo inayi, tebulo lalitali ndi zenera limodzi losatseguka. Tinkapanga mafuta oyeretsa khungu otchedwa Dona Wowala. Pa lebulo panali chithunzi cha mkazi wa khungu ngati papaya wakupsa, ndipo m'munsi mwake munalembedwa m'Chingerezi kuti mafutawo apangidwa ku Ulaya. Ulaya wake anali ameneyo, woyandikana ndi matayala.

Mwini wake dzina lake sindilitchula, chifukwa ana ake alipo ndipo sanalakwe kanthu. Ife tinkamutcha Bwana Fomula, popeza sankamaliza chiganizo osatchula mawu amenewo. "Fomula yanga," "chinsinsi cha fomula," "musayandikire fomula." Ankavala chovala choyera cha madokotala chimene anagula pa kaunjika, ndipo m'thumba mwake munali mapeni atatu, awiri osalemba. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi nati, "Sukulu unalekeza pati?" Ndinati, "Fomu 2, bwana." Anati, "Sayansi unaphunzirako?" Ndinati, "Pang'ono." Anaganiza kaye, kenako anati, "Pang'ono pakeko sipangavute. Yamba."

Ntchito yanga inali kuthira mafutawo m'timabotolo, kupukuta pakamwa pa kabotolo, kutseka ndi kumata lebulo. Nsalu yopukutira kunalibe. Magolovesi tinawapempha kamodzi, Bwana Fomula anatifunsa ngati tabwera kudzachita opaleshoni. Choncho ndinkapukuta ndi chala. Chala chimene makolo anachitcha mkombaphala, ine ndinkakombera nacho Dona Wowala, kuyambira m'mawa mpaka belu la ku fakitale yoyandikana nayo litalira, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Wotakasa mgolo anali mayi Nachisale, mayi wamkulu wa ku Bangwe, amene anali ndi mthiko wautali ngati nkhafi. Manja awo ankanjenjemera moti tiyi ankamwera m'kapu yosadzaza. Tonse tinkati ndi ukalamba, chonsecho anali asanafike zaka makumi asanu.

Fomula yotchukayo inkasintha malinga ndi zimene zasowa. Masiku amenewo ndalama zakunja zinkavuta, ndipo katundu ankati akabwera mwezi uno, mwezi wamawa zii. Mukakhala ufa woyera mu mgolo wabuluu, umene ife tinkautcha Kwinoni, tinkathira umenewo. Kwinoni akatha, bwana ankabwera ndi makatoni a sopo wotuwa, ife n'kumamupala ndi chopalira karoti. Sopo akasowa, ankabwera ndi timachubu tating'onoting'ono timene ankagula kwa madalaivala a mathiraki, ndipo tinkakhala tsiku lonse tikufinyira timachubuto mu mgolo ngati tikukama mbuzi. Zonse zitatu zikapezeka pamodzi, bwana ankasangalala, n'kuthira zonse, n'kumata kapepala kofiira kolembedwa kuti Sipesho. Ameneyo anali wa akwatibwi, ndipo mtengo wake unali kawiri.

Malipiro anali ochepa, koma kunyumba kwathu ndi amene ankagula makala ndi sopo, popeza maso a agogo anu anali atayamba kufooka ndipo ulonda unali pafupi kuwathera. Mukumbukire zimenezi pamene mukuwerenga zotsatirazi. Ntchito ija sinali yoseweretsa.

1993: Chala chikwezedwa pa ntchito

Patapita miyezi ingapo chala changa chinayera. Dzanja lonse lakuda monga ndinabadwira, koma mkombaphala yekha mbuu, ngati ndabwereka kwa mzungu. Ine chinkandinyansa. Bwana Fomula atachiona anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza uku ndi uku pafupi ndi zenera, maso ake akuwala ngati waona mngelo.

"Felesita," anatero, "iwe ukudziwa kuti ukuyenda ndi chuma?"

"Ndikuyenda ndi matenda, bwana."

"Usalankhule ngati munthu wosaphunzira. Uwu ndi umboni. Anthu a ku Ndirande sakhulupirira lebulo, amafuna kuona ndi maso. Loweruka ukwera galimoto."

Umu ndi mmene ndinakwezedwera pa ntchito. Kunena zoona, chimene chinakwezedwa ndi chala, ine ndinangochiperekeza. Loweruka tinapita ku msika wa Ndirande pa kapikapu kake, iye ali ndi chimkuzamawu, ine nditaima kumbuyo pakati pa makatoni. Tsopano ana inu simudziwa mmene dziko linalili chaka chimenecho. Kunkabwera referendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, zimene aliyense ankazitcha matipate. Munthu akaimika chala chimodzi m'mwamba ndiye kuti ndi wa chipani chimodzi. Akaimika ziwiri ndiye wa matipate. Ndipo Ndirande yense, kuyambira ogulitsa makala mpaka agalu, anali wa zala ziwiri. Izi tonse tinkazidziwa. Koma bwana ankaganiza za mafuta ake, ine ndinkaganiza za manyazi anga, palibe amene anaganiza za ndale.

"Amayi ndi atsikana!" anakuwa Bwana Fomula. "Bwerani mudzaone tsogolo lanu! Felesita, aonetse!"

Ndinaimika chala chimodzi m'mwamba, pakati pa msika wa Ndirande.

Msika wonse unatembenuka. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anati, "Ati tsogolo lathu ndi chiyani?" Bwana, poganiza kuti malonda agwira, anakuwanso, "Chimenechi! Chimenechi basi! Mukachiyesa simudzafunanso china!" Tomato woyamba anamenya chimkuzamawu. Wachiwiri anandipeza pakhosi. Kenako kunabwera zitsononkho, makoko a nthochi ndi nsapato imodzi ya pulasitiki. Anthu ankagwedeza galimoto akukuwa kuti, "Ziwiri! Ziwiri!" Ine ndinaimika ziwiri msangamsanga, ndipo ndikanakhala ndi njira ndikanaimika ndi za kumapazi zomwe. Tinathawa chitseko cha galimoto chili pululu, makatoni awiri atatsala m'manja mwa anthu.

Ndinkaganiza kuti nkhani ya chala yathera pomwepo. Lolemba bwana anandiitana, chipumi chake chili ndi chotupa. "Ndaganiza usiku wonse," anatero. "Vuto si chala. Vuto ndi loti n'chimodzi. Kuyambira lero uzipukutira ziwiri." Ndinamuyang'ana, ndinati, "Bwana, nanga zipani zikadzakhala zisanu?" Anati, "Tidzaona pomwepo." Ndipo ine, chitsiru cha Fomu 2, ndinavomera, chifukwa anandiwonjezera malipiro pang'ono ndipo kukwera galimoto Loweruka kunali kokoma kuposa kupala sopo. Chala chapakati chinayera nachonso. Titabwereranso ku msika ndi zala ziwiri zoyera, anthu anaimba m'manja. Azimayi ankagula Dona Wowala ngati akuponya voti. Bwana Fomula, amene moyo wake wonse ankayenda ndi khadi la chipani chimodzi chija m'thumba la mapeni lija, anasanduka womenyera ufulu. Tinazungulira Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni mpaka Machinjiri, ine ndi zala zanga m'mwamba ngati mbendera.

Chinthu chimodzi ndinachiona nthawi imeneyo koma sindinachiganizire. Mkazi wa bwana, amene tinkamutcha Madamu, anali wakuda bii, khungu losalala ngati la mwana. Tsiku lina chikwama chake chinagwa mu ofesi, ndipo munatuluka kabotolo ka mafuta wamba odzoza makanda. Ndinati, "Madamu, inu simudzola athuwa?" Anatola kabotolo kake nati, "Ine khungu langa ndi lovuta." Ndinakhulupirira.

Kumayambiriro kwa 1994: Marita

Apa ndi pamene pakulowa amayi anu aang'ono, a Marita, mng'ono wanga wopondana nane. Marita anali ndi chibwenzi, Lukasi, kalipentala wa ku Chilomoni amene anakumana naye ku kwaya ya tchalitchi. Awa ndi bambo anu aang'ono amene mukuwadziwa, nthawi imeneyo ali ndi tsitsi. Chinkhoswe chinakonzedwa cha mu Epulo, ukwati mu Seputembala. Marita anayamba kundivutitsa kuti ndimubweretsere Sipesho.

"Achemwali, inu mukuyeretsa tawuni yonse, m'bale wanu ndikalowe m'tchalitchi ngati chikuni?"

"Lukasi wadandaula?"

"Amuna sadandaula, amangoyang'ana kwina."

Ndinamubweretsera. Ndikulemba poyera kuti musadzamve kwa wina: ndine ndinabweretsa, timabotolo tosweka zitsekerero timene bwana ankatigulitsa motchipa. Marita ankadzola m'mawa ndi madzulo, ndipo pofika pa chinkhoswe nkhope yake inali ngati ya mkazi wa pa lebulo, ngakhale makutu ndi zigongono zinatsalira ku Nsanje. Apongozi ake, mayi a Lukasi, anabwera kuchokera ku Chikwawa kudzamuona koyamba, ndipo anabwerera akutama mwana wawo kuti wapeza mkazi wowala.

Koma pamene Marita ankayera, zala zanga zinali zitayamba ulendo wobwerera. Poyamba zinafiira, dzuwa likaziomba zinkawotcha. Kenako panabuka timadontho takuda pa mfundo, timadonthoto tinakumana, ndipo mkombaphala anada kuposa mmene analili kale, kuda kwake kopita ku buluu. Khungu linakhakhala, chikhadabo chinasanduka chofiirira. Chala chapakati chinkatsatira m'mbuyo monga mwa nthawi zonse. Bwana anati ndi fomula imene ikugwira ntchito mkati, ndiwonjezere kudzola. Loweruka ankandipaka ufa wa kumaso pa zalazo tisanafike pa msika. Kunyumba ndinkazimanga pulasitala n'kumati ndadzicheka ndi botolo.

Meyi 1994: Tsiku la chisankho

Pa referendamu sindinavote, zaka zinali zisanakwane. Choncho chisankho cha 1994 chinali changa choyamba, ndipo ndinachikonzekera ngati ukwati. Ndinasita chitenje, ndinakaima pa mzere ku sukulu ya pulayimale kuyambira m'mawa, dzuwa likundiphika mpaka masana. Munthu akavota ankamuviika chala mu inki yosafufutika, kuti asabwerenso kachiwiri. Ndiye pakhomo panali mayi wina wofufuza zala. Anati ndichotse pulasitala. Ndinachotsa. Anayang'ana, n'kuyang'ananso, kenako anaimirira.

"Awa avota kale!"

"Sindinavote, mayi."

"Nanga iyi ndi chiyani? Ndiponso zala ziwiri! Avota kawiri, akufuna kachitatu!"

Mzere wonse unasokonekera. Wina anati andimange, wina anati ndatumidwa. Bambo wina amene ankandidziwa anakuwa kuti, "Ndi uja wa chala chimodzi ku msika uja! Tinamukayikira kale!" Ine mkwiyo unandikwera, ndinati, "Bambo, chaka chatha munandigenda chifukwa chala chinali choyera, lero mukufuna kundimanga chifukwa n'chakuda. Mundiuze mtundu umene mukufuna ndikapake penti!" Anthu ena anaseka, koma wapolisi anali akubwera kale.

Amene anandipulumutsa ndi woyang'anira malo ovoterawo. Atatuluka m'kalasi ndinafuna kulowa pansi, chifukwa anali a Kamwendo, aphunzitsi anga a sayansi ku sekondale, amene ndinkawathawa mumsewu chisiyireni sukulu. Anandizindikira nthawi yomweyo. "Felesita wa pa desiki la kutsogolo," anatero. Anagwira dzanja langa, anapaka chalacho ndi thonje la sipiriti, ananunkhiza, n'kuyang'ana chikhadabo. Anauza mayi uja kuti, "Iyi si inki yathu. Yathu siilowa chonchi. Mulekeni avote, mumuviike cha kumanzere." Ndikutuluka anandiitanira pambali.

"Ukugwira ntchito yanji?"

Ndinawauza. Nkhope yawo inasintha.

"Mumathiramo chiyani?"

"Ndi chinsinsi cha fomula, aphunzitsi."

"Iwe unkakhoza sayansi kuposa anyamata onse m'kalasi muja. Kuwerenga sunaiwale. Ukakopere mawu onse a pa mgolo, pa sopo ndi pa chubu, chilembo ndi chilembo, ubwere nawo kwathu ku Chitawira Lamulungu ukatuluka m'tchalitchi."

Mawu akuti ndinkakhoza kuposa anyamata anandipweteka kuposa tomato uja. Ndinayenda mpaka kunyumba ndikutukwana malume anu mumtima.

Lamulungu ku Chitawira

Ndinakopera mawuwo pa pepala la simenti nthawi ya nkhomaliro, bwana atapita ku banki. A Kamwendo anawawerenga atakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, ndipo anandifotokozera ngati tili m'kalasi. Ndilemba mawuwo monga amalembedwera pa mabotolo, kuti inunso muziwazindikira.

Kwinoni wathu uja dzina lake lonse ndi hydroquinone. Anati amatseka khungu kuti lisapange mtundu wake, ndiye limayera, koma limakhala lopanda chishango pa dzuwa, ndipo ukadzola nthawi yaitali limada moipa, kuda kolowa mkati kumene sikumva sopo kapena pemphero. "Ndi zimene zili pa zala zakozi," anatero, "ndipo sindikulonjeza kuti zidzachoka." Pa sopo wotuwa panali mawu oyamba ndi merc, ndipo anati paliponse ndikaona mercury kapena mawu ofanana nawo ndithawe, chifukwa ameneyo sathera pakhungu. Amalowa m'thupi, amawononga impso ndi mitsempha, amanjenjemeretsa manja, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amagawirako mwana. Pamenepo ndinaona kapu ya tiyi ya mayi Nachisale, yosadzaza ija. Timachubu tinalembedwa clobetasol, tina betamethasone. Anati amenewo ndi mankhwala enieni a matenda a pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka. Ukawasandutsa mafuta odzola tsiku ndi tsiku, khungu limapyapyala ngati pepala, limachita mizere ndi ziphuphu, bala silipola msanga, ndipo ukasiya nkhope imalusa kaye isanakhazikike.

"Nanga munthu akathira zonse zitatu pamodzi?" ndinafunsa.

Anavula magalasi. "Alipo wamisala wotero?"

"Timamutcha Sipesho. Ndi wa akwatibwi. Mng'ono wanga wadzola miyezi inayi."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangoti, "Asiye lero. Apite ku chipatala akamuone, aziyenda ndi ambulera. Adzaoneka moipa milungu ingapo, koma ali ndi mwayi kuti ndi miyezi, si zaka."

Juni 1994: Zala zisanu ndi zitatu zotsala

Marita anakana kusiya kudzola. Ndinamuuza za impso, anati impso sizioneka pa chithunzi cha ukwati. Ndinamuuza za a Kamwendo, anati mphunzitsi wa sayansi adziwa chiyani za kukongola, mkazi wake amavala sokosi ndi silipasi. Ndinachotsa pulasitala n'kumuonetsa zala. Anadzidzimuka pang'ono, kenako anati, "Zimenezo ndi zala, ine ndikudzola kumaso." Pomaliza ananena mawu amene anali nawo kale pamtima: "Achemwali, inu zikukupwetekani kuti ndikukwatiwa ine wamng'ono. Ngati mafutawo ndi oipa, bwanji Loweruka lililonse mumakaimika zala pa msika? Mukasiya inu kugulitsa, ine ndisiya kudzola." Ndinafuna kumumenya mbama, koma ananena zoona. Ndinamubisira timabotolo, iye anakagula ena pa msika ndi ndalama ya nsapato za ukwati. Pa masaya ake panali patayamba kale kufiira, ndi tiziphuphu tating'ono m'mbali mwa mphuno.

Amayi, agogo anu aakazi, anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mwananga, bambo ako ntchito yawathera. Ukachita zamwano kumeneko tidya chiyani? Ungomubisira mng'ono wakoyo, anthu enawo si abale ako." Ndinati, "Amayi, ndabisa, wakagula." Anangopukusa mutu n'kubwerera ku mbaula.

Lachisanu lake Bwana Fomula anandiitana mu ofesi. Ufa wa kumaso unali utasiya kubisa kanthu. Anayang'ana zala zanga ngati makaniko woyang'ana tayala lakutha.

"Izi zatopa," anatero. "Tizipumitse. Kuyambira Lolemba uyambe kupukutira za kumanzere."

"Nazonso zikada?"

"Felesita, Mulungu anakupatsa zala khumi. Ziwiri zagwira chaka ndi theka. Tawerengera wekha, uli ndi ntchito mpaka zaka zingati? Anzako akuchotsedwa m'makampani, iwe uli ndi tsogolo m'manja. Mawa uvale golovesi, tidzati dzanja likupuma. Ndiponso ndamva kuti mng'ono wako akukwatiwa. Ndimupatsa Sipesho waulere, ife tidzajambule chithunzi cha ukwati tiike pa lebulo yatsopano."

Golovesi limene tinalipempha zaka ziwiri linapezeka tsiku lomwelo, limodzi, loyera, la ana a kwaya. Ndinalilandira. Sindinama kuti ndinali wolimba mtima. Ndinaganiza za makala, za maso a agogo anu, za mizere ya anthu ofuna ntchito imene ndinkaidutsa m'mawa uliwonse pa mageti a ku Makata. Munthu wa Fomu 2 sataya ntchito ngati chitsononkho. Koma ndikatseka maso ndinkaona nkhope ya Marita itasanduka chala changa.

Loweruka tinaima pamalo pathu pa msika wa Ndirande. Marita anali m'gulumo, ndinamuona, atabwera kudzalandira Sipesho wake waulere. Bwana anayamba nyimbo yake ya masiku onse, kenako anati, "Lero umboni wathu ukupuma, koma Felesita akuuzani yekha ndi pakamwa!" Anandipatsa chimkuzamawu. Kulakwa kwake kunali kumeneko. Ndinavula golovesi ndi mano, n'kuimika zala ziwiri.

"Amayi, mukuzikumbuka zala izi? Munaziombera m'manja chaka chatha. Ziyang'aneni bwino. Uku ndiye kumathera ulendo. Ulaya wa mafuta awa ali ku Makata kuseri kwa matayala, ndipo wopanga wake ndine ndi mayi Nachisale, amene manja awo sagwiranso singano. Muli sopo wowononga impso, muli mankhwala a chipatala, muli ufa umene wandichita izi. Ine zandigwera pa zala, ndimatha kuzibisa m'chitenje. Inu nkhope mudzaibisa kuti?"

Bwana ankalimbana nane kulanda chimkuzamawu, akukuwa kuti ndapenga, ndatumidwa ndi makampani ansanje. Mayi wa tomato uja, yemwe uja, anafunsa kuti, "Nanga akazi anu amadzola?" Ndinayankha ndine: "Madamu amadzola mafuta a makanda. Akuti khungu lawo ndi lovuta." Msika unaphulika ndi phwete. Tomato anayambanso kuuluka, koma ulendo uno palibe amene anandipeza ine. Ndinatsika pa galimoto ndekha, ndipo bwana, atalanda chimkuzamawu chija, ananditulutsa ntchito akukuwira pa zenera, galimoto ikuthawa. Mpaka lero ndine munthu yekhayo amene ndikumudziwa amene anachotsedwa ntchito pa chimkuzamawu.

Musaganize kuti Ndirande anasiya kudzola. Patapita mwezi Bwana Fomula anasintha lebulo, n'kupeza mtsikana wina wa zala khumi zatsopano. Mayi Nachisale ndinawakakamiza kupita ku chipatala, anasiya ntchitoyo chaka chotsatira, koma manja awo sanasiye kunjenjemera. Ine ndinakhala miyezi isanu ndi itatu ndikugulitsa mandasi pa siteji ya minibasi, ndikuwapatsira makasitomala ndi dzanja lamanzere, ndisanapeze ntchito yolongedza katundu m'sitolo ya mankhwala imene ndapumirako. Kunyumba tinadya masamba opanda mafuta nthawi yaitali, ndipo amayi sanaiwale kundikumbutsa chifukwa chake.

Seputembala 1994: Ukwati

Marita anasiya kudzola tsiku lomwelo la ku msika, monga analonjezera, ndipo anasiyanso kundilankhula. Zimene ananena a Kamwendo zinachitika. Nkhope inafiira, inasenda, inatuluka ziphuphu, ndipo milungu itatu sanapite ku kwaya. Tinkagona chipinda chimodzi, iye akundiuza zinthu kudzera mwa amayi: "Amayi, auzeni anthu ena asunthe phazi." Koma pofika Seputembala khungu linakhazikika, n'kubwerera mtundu wake wa ku Nsanje, wosalala, wopanda banga.

Pa tsiku la ukwati, Marita atatsika galimoto pakhomo la tchalitchi n'kukweza velo kuti apukute thukuta, apongozi ake a ku Chikwawa aja anaimirira. Kumbukirani kuti iwo anamuona kamodzi kokha, pa chinkhoswe. Anagwira mkono wa nkhoswe nati mokweza, "Ankhoswe, uyu si amene tinamuona uja! Atisinthira! Uja wowala uja amupititsa kuti?" Anthu anayamba kunong'onezana, kwaya inasokoneza nyimbo, Marita maso ake akundifunafuna kuti andiphe. Lukasi anatuluka m'tchalitchi ndi suti yake yobwereka, anamuyang'ana Marita, n'kutembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, khalani pansi. Amene ndinamufunsira ine ndi uyu. Wa pa chinkhoswe uja ndi amene sindinkamudziwa, ndinkangoopa kufunsa."

Ukwati unachitika. Pa chithunzi chimene chili pabalaza pawo ndili kumapeto kwenikweni, manja ndabisa kumbuyo. Marita anayamba kundilankhulanso pa Khirisimasi, ndipo mawu ake oyamba anali oti ndimubwereke poto. Zikomo sananenepo, ndipo sindikumudikira.

Zala zanga sizinabwererenso. Chisankho chilichonse ndimafika pakhomo nditakonzekera mkangano. Iwe Tiyamike, kabotolo kopanda lebulo kamene ndinakapeza m'chikwama chako mwezi watha sikanasowe ayi, kali m'chimbudzi, ndipo ukafuna kukangana nane uyambe wawerenganso mayina a mankhwala aja. Ku Makata ndinachokako wopanda kalata, wopanda kakobiri, ngakhale golovesi lija ndinalisiya pa msika. Koma mukapita ku Chilomoni, amayi anu aang'ono akamauza anthu kuti khungu lawo ndi losalala chifukwa amamwa madzi ambiri, musawatsutse. Ingoyang'anani nkhopeyo bwinobwino. Imeneyo ndiye penshoni yanga ya ku Makata, ndipo akuyenda nayo ndi iwo.